Nyale ya pa okala ya amayi ndi mmene ndinaphunzirira zamagetsi ndi manja anga

Teremu yoyamba ya maphunziro a uinjiniya ndinaimaliza ndi malikisi abwino m'phunziro la ma circuit, njira zomwe magetsi amadutsamo. Lamulo la Ohm ndi malamulo awiri a Kirchhoff ndinkatha kuwanena ngakhale mutandidzutsa pakati pa usiku. Ndinabwerera kwathu ku Area 25 ndili wotsimikiza kuti zamagetsi ndazidziwa. Munali mu 2022, chaka chimene namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Amene munali mu Lilongwe nthawi imeneyo mukukumbukira mmene magetsi ankazimira, nthawi zina kuyambira m'mawa mpaka anthu atagona.

Amayi ali ndi okala kutsogolo kwa nyumba. Amagulitsa shuga, mchere, sopo, mafuta ophikira oyeza pang'onopang'ono, ndipo makasitomala ambiri amabwera dzuwa likamalowa, anthu akuweruka ku Kanengo. Magetsi akazima ankayatsa kandulo, koma mphepo inkaizimitsa, komanso kandulo pafupi ndi mafuta ndi mapepala si chinthu chabwino. Tsiku lina madzulo anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwana wanga, si paja ukuphunzira zamagetsi? Tandipangira kanyale koti kaziyaka kokha kukada." Ndinayankha kuti mawa lomwe muona.

M'mawa mwake ndinachotsa ka LED kofiira, kababu kakang'ono kaja, mu wailesi yakale, ndinagula batire la 9V, n'kugunditsa timiyendo take pa batirepo. Kanaphethira kamodzi, kananunkha, basi. Kachiwiri chimodzimodzi. Chomwe chinandipweteka mumtima n'chakuti masamu ake ndinkawadziwa bwinobwino. LED yofiira imafuna pafupifupi 2V ndipo yambiri sifuna kupitirira 20mA. Pa batire la 9V pamatsala 7V yoti igwere pa resistor, kachipangizo kochepetsa magetsi odutsa, ndiye 7 kugawa ndi 0.02 (20mA ija) ndi 350 ohm, mumatenga 390 ohm yomwe imapezeka. Funso lotere pa mayeso ndikanalimaliza mu mphindi imodzi. Koma chinthucho chili m'manja mwanga sindinaganize n'komwe kuti lamulo la m'buku lija likukamba za kababu kameneka. M'mutu mwanga masamu anali a m'kalasi, zipangizo zinali za kunyumba, ziwirizi zinali zisanakumane.

Loweruka ndinakwera minibasi kupita m'tauni kukasaka ma resistor. Cha ku Malangalanga ndinapeza bambo ena achikulire okonza mawailesi ndi ma TV pakhonde la sitolo, tebulo lawo litadzaza mabolodi obiriwira. Ndinawafotokozera zomwe zandichitikira. Sanaseke. Anandifunsa funso limodzi: "Mita uli nayo?" Ndinati ayi, ya ku labu timabweza tikamaliza. Anati, "Ndiye ukugwira ntchito uli wotsinzina, mwana wanga. Magetsi saoneka. Maso ako ndi mita."

Ndalama yomwe ndinasungira nsapato ndinagulira multimeter, mita yoyezera magetsi, yachikasu yotchipa, ndipo mpaka lero ndikuti palibe chinthu china chomwe ndinagula pa maphunzirowa chondipindulira kuposa imeneyo. Ngati mwangoyamba kumene ndipo ndalama yanu ikukwana chinthu chimodzi, gulani mita, Arduino, kabolodi kolembamo pulogalamu, idikire. Yang'anani yokhala ndi kabelu kolira mawaya akalumikizana, chifukwa kabelu kameneko mudzakagwiritsa ntchito kuposa china chilichonse.

Tsiku lachitatu ndinaiphetsa fyuzi. Ndinkafuna kudziwa kuti batire lili ndi current (magetsi oyenda m'waya) yochuluka bwanji, ndinatembenuzira mita ku mA n'kuika timawaya take molunjika pa mitu iwiri ya batire. Mita ikakhala pa current imakhala ngati waya wamba, ndiye ndinangopanga shoti kudzera mkati mwake. Voltage, mphamvu yokankha magetsi, mumayeza pogunditsa mbali ziwiri za chinthu, circuit ili yolumikizidwa. Current mumayeza podula njira n'kulowetsa mita pakati kuti magetsi adutse mwa iyo. Resistance, mmene chinthu chimakanizira magetsi kudutsa, mumayeza magetsi atazimitsidwa. Mukamaliza kuyeza current, bwezerani waya wofiira pa bowo la V nthawi yomweyo, chifukwa mawa mudzaiwala n'kuyeza batire uli pomwepo.

Tchuthi chonsecho Loweruka lililonse ndinkapita kwa bambo aja. Sindinkalipira kanthu, ndinkangowasesera pamalo, kuwagulira fanta, n'kumachotsa zipangizo pa mabolodi akufa omwe anaunjika m'katoni. Apa m'pamene ndinaphunzirira kuwotcherera. Poyamba ndinkasungunulira solder, waya wofewa womatira, pa nsonga ya soldering iron, chitsulo chowotcherera, n'kumakadontheza pa mwendo wa chipangizo ngati phula. Ankaona n'kupukusa mutu. Anandisonyeza kuti nsonga igunde mwendo ndi mkuwa wa pa bolodi nthawi imodzi, zitenthe kwa masekondi awiri kapena atatu, kenako solder mugunditse pa mwendowo osati pa nsonga. Akasungunuka yekha n'kuzungulira mwendo ngati kachulu kosalala, chotsani solder, kenako nsonga. Pamene pawotchereredwa bwino pamawala. Pamene paoneka ngati ndowe ya mbuzi, potuwa, pamagwira lero mawa n'kusiya. Ankati mawailesi ambiri omwe amabwera kwa iwo akuti afa, vuto limangokhala malo otere omwe ang'aluka ndi kutentha, kapena capacitor, kachipangizo kosunga magetsi, yotupa pamutu m'gawo lolandira magetsi.

Magetsi akazima iwo sankaweruka. Anali ndi kachitsulo ka mutu wa mkuwa komwe ankakatenthetsa pa mbaula, n'kumawotcherera mawaya akuluakulu ndi masipika. Pa tizipangizo tating'ono sikathandiza chifukwa kutentha kwake simungakulamulire, koma ntchito inkayenda. Chinthu chimodzi chomwe anandikakamiza ndi kusamba m'manja ndi sopo ndisanadye. Solder wambiri yemwe amagulitsidwa ndi wa 60/40, magawo 40 mwa 100 ndi mtovu, ndipo ife nsima timadya ndi manja. Utsi wake nawo musamauweramire, gwirani ntchito pakhonde kapena pafupi ndi zenera.

Kuchotsa zipangizo pa zinthu zakufa poyamba ndinkakuona ngati umphawi chabe. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera mtengo, ndipo anzanga ena anasiya kupanga zinthu podikira ndalama yoitanitsira zatsopano. Koma m'katoni muja munali sukulu. Resistor iliyonse ndinkayamba ndawerenga mitundu yake n'kulosera, kenako n'kuyeza. Yofiirira, yakuda, yofiira ndi 1k. Yalalanje kawiri ndi yofiirira ndi 330 ohm. Pakutha pa mwezi ndinkawerenga osayang'ana tchati. Ndinaonanso kuti ya 1k siwerenga 1000 ndendende, imatha kukhala 985 kapena 1020, ndiye mzere wagolide wa pa resistor, wonena kuti ikhoza kusiyana ndi 5 peresenti, unayamba kukhala ndi tanthauzo. Mu UPS yakufa ya mu ofesi, bokosi lija losungira kompyuta magetsi akazima, mumapezeka ma MOSFET ndi ma relay, omwe amayatsa ndi kuzimitsa magetsi, ndi zitsulo zoziziritsira. Mu chaja ya foni muli ma diode, omwe amalola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha. Mu DVD yakale muli timamota, ma LED ndi mawaya abwino. William Kamkwamba wa ku Kasungu anapanga makina ake amphepo opangira magetsi ali mnyamata wa zaka 14, ndi njinga yakale ndi zitsulo zotola. Tonse timaidziwa nkhaniyi, koma ochepa mwa ife ophunzira uinjiniya timapitadi kukatola.

Pa nkhani yotsegula zinthu zakufa ndiime kaye, chifukwa apa munthu akhoza kufa. Magetsi a m'nyumba kuno ndi 230V pa 50Hz, ndipo akawongoledwa mkati mwa chaja kapena TV amafika pafupifupi 325V pa capacitor yaikulu ija yolembedwa 400V. Capacitor imeneyo imasunga magetsi ngakhale mwazula pulagi. Bambo aja sankagwira bolodi asanaiyeze ndi kuikhuthula kudzera pa resistor. TV ya chimbuyo ndi microwave anandiletseratu kutsegula. Chaka choyamba chonse ndinagwira ntchito ndi mabatire okha, osapitirira 12V, ndipo ndikupempha aliyense woyamba kuti achite zomwezo. Zonse zofunika kuphunzira pachiyambi zimaphunzirika pa 5V ndi 12V.

Tibwerere ku nyale ya amayi. Ndinapeza batire la 12V 7Ah la mu UPS lomwe linali lidakali ndi moyo, ndi kachidutswa ka LED strip ya 12V. Ulendo uno ndinayeza kaye: kankadya 400mA. Pofuna kuti iziyaka yokha ndinagula LDR, kachipangizo komwe resistance yake imatsika pakawala ndi kukwera pakada. Ndinaiika ndi resistor ngati voltage divider, yogawa voltage, yoyendetsa transistor ya BC547 yomwe inali ngati switchi ya nyale, monga ndinaonera pa chithunzi china pa intaneti. Nditaphimba LDR ndi chala, nyale inayaka. Ndinathamanga kukaitana amayi. Tisanafike n'komwe pa tebulo, transistor inali itatentha moti sinkagwirika, ndipo posakhalitsa nyale inangokhala choyaka, kuwale kude.

Nditawauza bambo aja anati, "Unaifunsa kuti imatha kunyamula zingati?" Umu ndi mmene ndinayambira kuwerenga ma datasheet, mapepala omwe opanga chipangizo amafotokozamo za icho. Ya BC547 imanena poyera pa tsamba loyamba kuti current ya pa collector isapitirire 100mA. Ine ndinaisenzetsa kanayi. Chithunzi cha pa intaneti chija chinali cha ka LED kamodzi, ine ndinangokopera osafunsa. Datasheet imaoneka yoopsa, masamba ambiri a Chingerezi ndi ma graph, koma poyamba mumangofuna zinthu zitatu: miyendo yake ikutsatana bwanji, malire ake a voltage ndi current ndi ati, ndi circuit yachitsanzo yomwe opanga aikamo. Za miyendozi musamaloweze. BC547 mukaiyang'ana mbali yaphwatalala miyendo ili pansi, ndi collector, base, emitter, koma PN2222 yomwe imaoneka chimodzimodzi ndi emitter, base, collector. Ndinkagula bandulo ya usiku n'kutsitsa ma datasheet a chipangizo chilichonse chomwe ndili nacho, kuti ndiziwerenga pa foni ngakhale popanda intaneti.

Ndinayambiranso, tsopano ndi kope. Ndinagula kope la masamba 80 la ntchito imeneyi yokha, ndipo lamulo lomwe ndinadziikira ndi lakuti ndisanalumikize batire ndijambule circuit, ndilembe voltage yomwe ndikuyembekezera pa malo aliwonse, kenako ndiyeze n'kulemba yomwe ndapeza pambali pake. Manambala awiriwo akafanana ndiye kuti ndamvetsa. Akasiyana, pali china chomwe sindikuchidziwa, ndipo ndikudziwa pomwe chili. Chizolowezi chimenechi n'chomwe chinalumikiza masamu a m'kalasi ndi zinthu za pa tebulo. Ndisanachiyambe, circuit ikakana ndinkangosinthasintha mawaya mwachisawawa mpaka itayaka, osadziwa chomwe chayatsa.

M'malo mwa BC547 ndinaika MOSFET ya IRFZ44N yomwe ndinachotsa mu inverter yakupsa. Imeneyo 400mA siimva n'komwe. Kuti iziyatsidwa kwathunthu kapena kuzimitsidwa kwathunthu, osakhala pakatikati pomwe imatentha, ndinagwiritsa ntchito LM358, ka IC (kachipu) ka miyendo 8 komwe kali ndi ma op-amp awiri mkati, omwe amatha kufanizira ma voltage. Mwendo wa 8 umapita ku positive, wa 4 ku negative. Mbali imodzi ndinaipanga yofanizira voltage ya LDR ndi ya preset, resistor yomwe ndimatha kupotokola kuti ndisankhe mdima wake. Ndinayamba ndaiyesa pa simulator ya Falstad, pulogalamu yoyeserera ma circuit yomwe imatseguka pa foni, kenako pa breadboard, kabolodi ka timabowo kolumikizirapo popanda kuwotcherera. Pa breadboard inakana kwa masiku awiri. Ndinakayikira IC, ndinakayikira MOSFET, mpaka ndinatenga mita n'kuyamba kulondola kuchokera pa batire. Pa mwendo wa 8 panalibe kanthu. Mzere wa positive wa breadboard yanga unali wodukiza pakati, monga amakhalira ma breadboard ena aatali, ndipo theka lake linalibe magetsi. Kawaya kamodzi kanathetsa nkhani. Kuchokera tsiku limenelo circuit ikakana ndimayamba ndayeza ngati magetsi akufika pa IC iliyonse, ndipo kawirikawiri vuto limathera pomwepo.

Titaipachika pa okala kunabuka vuto lomwe simulator sinandisonyeze. Kukayamba kuda nyale inkayaka, kuwala kwake n'kugwera pa LDR, LDR n'kuona ngati kwacha, nyale n'kuzima, kenako n'kuyakanso. Inkaphethira mpaka makasitomala kudandaula maso. Amayi anati, "Izimitse kaye mwana wanga, ikuthamangitsa anthu." Usiku umenewo sindinagone bwino. M'mawa ndinalowetsa LDR mu kachubu ka cholembera chakutha n'kukalozetsa kunja, kumwamba, kuti isaone nyale yake. Zinachepa koma sizinathe, chifukwa madzulo kuwala kumatsika pang'onopang'ono ndipo voltage imakhala nthawi yaitali pa malire penipeni, mtambo ukangodutsa circuit n'kusintha maganizo. Mankhwala ake ndi hysteresis, mawu omwe tinawaphunzira m'kalasi ine osaona ntchito yake. Mumaika resistor kuchokera pa output kubwerera pa mwendo wa input ya positive, ine ndinaika 100k. Nyale ikangoyaka, malire amasuntha, moti kuti izime pamafunika kuwala kochuluka kuposa komwe inayakira. Nditaika resistor imeneyo kuphethira kunatheratu. Teremu yotsatira aphunzitsi atafika pa Schmitt trigger, dzina la circuit yotereyi, ndinamva chilichonse, chifukwa ndinali nditaiona ikugwira ntchito pamwamba pa matumba a shuga.

Cholakwa chomwe chinadula ndalama zambiri chinali cha batire. Ndinawerengetsa kuti 7Ah kugawa ndi 0.4A ndi maola 17.5, ndiye ndinkaisiya nyale usiku wonse, nthawi zina masiku awiri osatchaja chifukwa magetsi kunalibe. Batire la lead acid silifuna zimenezo. Likadzaza n'kupuma limawerenga pafupifupi 12.7V, likafika cha m'ma 12.1V ndiye latha theka, ndipo mukamalitsitsa mobwerezabwereza kufika pa 10.5V kapena kutsika apo, limafa msanga. Langa, lomwe linali kale lokalamba, linatha m'miyezi iwiri. Pa 7Ah zolembedwazo werengerani theka, maola asanu ndi atatu basi. Op-amp yachiwiri ya mu LM358 inali ikungokhala, ndiye ndinaipatsa ntchito yoyang'anira batire: zener diode ya 5.1V, yomwe imasunga voltage imodzimodzi, ngati muyezo wosasuntha, voltage divider yochokera pa batire, ndipo likatsika kufika pa 11.8V nyale imazima yokha. Apanso panafunika hysteresis, chifukwa batire likangopepukidwa katundu voltage imakweranso pang'ono. Ndinaikanso fyuzi ya 2A pafupi penipeni ndi mutu wa positive. Batire laling'ono limeneli pa shoti limatulutsa ma amp ochuluka moti waya amafiira, ndipo okala ya amayi ndi yamatabwa.

Ena amandifunsa chifukwa chomwe sindinangogwiritsa ntchito Arduino. Zoona, mizere khumi ya pulogalamu ikanachita zonsezi, ndipo chaka chachiwiri ndinagula Arduino Uno n'kuikonda. Koma ndaona anzanga omwe anayambira pamenepo akuwotcha mapini chifukwa cholumikiza mota molunjika pa pini yomwe imayenera kupereka 20mA, kapena kuyendetsa relay popanda diode ya 1N4007 yobwezera magetsi a mu koyilo. Ndaonanso ena akudabwa kuti 7805 yawo, IC yotsitsa voltage kufika pa 5V, ikuotcha chala: kutsitsa 12V kufika pa 5V pa 300mA ndi 7 kuchulukitsa ndi 0.3, mawati 2.1 omwe amasanduka kutentha, ndipo popanda chitsulo choziziritsira imadzizimitsa yokha. Pulogalamu siingakonze zimenezi. Maganizo anga ndi akuti muthe miyezi ingapo ndi ma resistor, ma diode, ma transistor, op-amp ndi IC yowerengera nthawi ya 555, kenako Arduino mudzaipeza yosavuta.

Circuit itakhazikika ndinaisamutsa pa breadboard kupita pa veroboard, bolodi yowotchererapo zipangizo, chifukwa fumbi la mu October ndi kugwedezeka kwa chitseko zinkamasula timawaya. Ndinaika IC pa soketi yake kuti ikapsa ndingoizula, ndi capacitor ya 100nF pafupi ndi miyendo yake ya magetsi. Zonse ndinaziika mu kontena ya pulasitiki ya majarini, nditaboola timabowo pansi. Chithunzi chake ndinachijambulanso bwino mu pulogalamu ya KiCad, yomwe ndi yaulere, n'kumata pepala lake mkati mwa chivindikiro kuti aliyense wodzaikonza aone chomwe chili mkatimo.

Ndinaitengera kwa bambo aja ndisanaipachike komaliza. Anaitembenuza, anayang'ana malo owotcherera limodzilimodzi, anapeza awiri otuwa n'kundipatsa soldering iron kuti ndibwereze iwo akuona. Kenako anatenga mita yanga, osati yawo, n'kundiuza kuti ndiwauze pomwe ayeze ndi nambala yomwe apeze. Ndinatsegula kope, ndinawalozera malo asanu, ndipo onse asanu anafanana ndi zomwe ndinalemba. Anandibwezera mita n'kunena kuti Loweruka likudzalo ndibwere molawirira, pali amplifaya ya tchalitchi yomwe ikungolira phokoso ndipo akufuna ndiyambe ndine kuiyeza.

Nyaleyo ili pa okala mpaka pano. Ndinadzawonjezera sola ya 20W ndi charge controller yogula, yoyang'anira kutchaja kwa batire, batire ndinasintha kamodzi, ndipo amayi amatseka 9 koloko.